Kamera ya Maso Awiri

M'foni ya Mzime munali zithunzi zambirimbiri za chikhatho cha mayi ake. Chikhatho chakumanja, chikhatho chakumanzere, china chili ndi choko cha telala m'zala, china chitagwira sizasi. Nkhope yokha ndiye munalibe. Mayiwo akangoona foni ikukwera kulunjika kwa iwo, dzanja linkauluka lokha ngati la wapolisi woimitsa galimoto, ndipo ukati uwazembere chakumbuyo unkangotolako mpango wa kumutu ndi khutu limodzi. Ngakhale pa foni yoonana ija, iwo ankailozetsa kudenga, woimbayo n'kumacheza ndi malata.

"Zithunzi zimandinamizira," ankatero. Umboni anali nawo: kachithunzi ka pa chiphaso, kamene anaonekapo ngati munthu wogwidwa ndi nkhuku yakuba m'chikwama. Kameneko anakatsekera pansi pa sutikesi, ndipo nkhani ya zithunzi inathera pomwepo.

Kale Mzime ankangoseka nazo. Iye ndiye anali womaliza kubadwa m'banjamo, ndipo dzina loti Mzime linamukakamira mpaka kuchipatala kumene ankagwira ntchito ya unamwino. Koma tsopano anali atapeza ntchito kutali, kopita pa ndege, osati kobwerako mwezi ukatha. Zinasiya kuseketsa. Ankafuna kupita ndi nkhope ya mayi ake, osati kukafika kuchilendo n'kupachika chikhatho pakhoma.

Nkhaniyi anakaitula kwa malume ake, mlongo wawo wa mayiwo, amene anali ndi kashopu kokonzera mawotchi ndi makamera akale. Munkanunkha mafuta a makina ndi fumbi. Malumewo anamvetsera kagalasi kokulitsira kali padiso, akutokosa m'mimba mwa wotchi ndi kasingano.

"Achemwali angawo ndi foni suwatha," anatero. "Ukakweza dzanja ndiye kuti wawauza kale. Tatseka chitsekocho, ndikuonetse zinthu za anthu akuluakulu."

Anatsitsa makamera atatu pa shelefu yam'mwamba n'kuwandandalika pa tebulo. Kenako anatulutsa kampukutu kokutidwa ndi pepala, kotalika ngati chala.

"Onsewa amadya filimu iyi, yotakata. Chithunzi chimodzi pa filimuyi chimakula kuposa bokosi la machesi, ndiye ukachikulitsa papepala ngakhale ulusi wa pa kolala umaoneka. Tanyamula iyo."

Mzime anayesa ndi dzanja limodzi, n'kuwonjezera lachiwiri msangamsanga. Chinali chimkamera cholemera ngati simbi yositira ya makala.

"Imeneyo ndi ya munthu amene wavomera yekha kujambulidwa," anatero malume. "Umaikhazika pa miyendo yake, munthu n'kukhala pampando, nkhope imatuluka yosalala bwino. Koma tamvera." Anadina. Kamera inalira kuti phwa! ngati chitseko chomenyedwa ndi mphepo.

"Apo ndiye amayi afika kale kuseri kwa nyumba," anatero Mzime.

Yachiwiri inali yopyapyala, yopinda. Malume atadina kachitsulo pambali, kutsogolo kunatseguka n'kutuluka kamvukuto kakuda. Inali yopepuka, yolowa m'thumba la jekete, yabwino kuyenda nayo mumsewu. Mzime anaikonda, mpaka pamene anaona kuti poijambulira umayenera kuikweza n'kuiika padiso. Anaibweza pa tebulo.

Yachitatu inali kabokosi kakuda koima chilili, ka maso awiri, lina pamwamba pa linzake. Malume anamukoleka lamba wake m'khosi, kabokosi n'kukhala pamimba, ndipo anatsegula kachivundikiro ka pamwamba.

"Yang'ana pansi."

Mzime anawerama. M'kati mwa kachivundikiromo munali kagalasi ka ngodya zinayi, ndipo m'kagalasimo munali zenera la shopu, msewu, ndi mayi wina akudutsa ndi ambulera, zonse zowala, zoyenda. Anangoti kukamwa yasa.

"Diso lam'mwambalo ndi lako, loonera. Lam'munsilo ndi la filimu. Munthu ukumujambula koma iye akuona ngati ukufunafuna makiyi m'chikwama." Malume anadina kabatani. Kanangoti tche, ngati wathyola kamtengo ka machesi.

"Ndi yomweyi, malume!"

"Usathamange. Choyamba, mpukutu umodzi ndi zithunzi khumi ndi ziwiri, basi. Si foni iyi yomangodinadina ngati ukuphwanya nsabwe. Ukajambula, upukuse chogwirira ichi kuti filimu isunthe. Chachiwiri, kagalasi aka kamatembenuza dziko. Wopita kumanja umamuona akupita kumanzere. Manja ako azifuna kutsatira zimene maso akuona, ndiye uzisochera. Kayambe waphunzira mumsewu, achemwali uwasiye kaye."

Masiku amene sanali pa ntchito, Mzime ankazungulira m'misewu kabokosi kali pamimba. Malume anali atamuphunzitsa kuti kukakhala dzuwa achepetse kabowo ka diso lam'munsi, ndipo mtunda wa chojambulidwacho autcheretu pa kamerapo, kuti chinthu chikachitika asayambe kupotokolapotokola. Zinamudabwitsa kuti anthu sankamuthawa. Bambo wina wachikulire atamuona ataima chowerama patsogolo pake anavula chipewa n'kumubwezera ulemu. Wopukuta nsapato wa pakona anamufunsa ngati wayamba kupempherera m'misewu. Ngakhale amene ankawapempha kaye kuti awajambule sankauma khosi monga amachitira anthu pa foni, chifukwa panalibe diso lowatuzulira. Ankangocheza ndi pamwamba pa mutu wake.

Vuto linali pa zinthu zoyenda. Malume atatsuka mpukutu woyamba anaseka mpaka kutsokomola. Panali theka la njinga, mchira wa galu, khoma lopanda kanthu, ndi khoma linanso.

"Makoma ndiye ukuwatha," anatero akupukuta misozi. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana iwe. Tenga mpukutu wina."

Wachiwiriwo unatuluka bwino ndithu. Munali wogulitsa nyuzi akuyasamula, amayi awiri akukanganirana ambulera imodzi, ndi wopukuta nsapato uja akudziyang'anira pa nsapato imene anaiwalitsa yekha. Mzime anali ataphunzira kukaniza manja ake: maso akati kumanzere, iye kumanja. Anadziona kuti wapsa, wakonzeka.

Makolo ake ankagwira ntchito moyandikana. Bambo ake anali ndi kachipinda kometera, ndipo mayi ake anali ndi makina osokera pakhonde la chipinda chotsatira. Bambowo pa nkhani ya zithunzi anali osiyana kutalitali ndi akazi awo. Khoma la mometeramo, pamene anzawo amapachikapo masitayilo a tsitsi, iwo anadzazapo nkhope yawo yomwe: ali ndi chipewa, alibe chipewa, atagwira chibwano.

Loweruka lina m'mawa Mzime anafika, anapereka moni, n'kukhala pa benchi ya odikira zovala. Anacheza za nyengo. Anafunsa za diresi la buluu limene linali pa makina. Kenako, ngati munthu wopanda cholinga, anatsegula kachivundikiro n'kuwerama. M'kagalasi muja mayi ake anaonekamo bwinobwino, tepi yoyezera ili m'khosi, mapini ali pakamwa.

Mayiwo sanadzutse n'komwe mutu. Analavulira mapini m'dzanja.

"Bokosi la malume akolo ndinkalipukuta fumbi iwe usanabadwe," anatero. "Lozetsa kwina."

Amayi awiri amene ankadikira zovala anaphulika nako kuseka. Bambo anasuzumira pakhomo lumo lili m'manja, nawonso n'kuyamba. Makutu a Mzime anatentha. Masabata onse aja a makoma ndi michira ya agalu, malume osakumbukira kuti anakulira nyumba imodzi ndi munthu ameneyu!

"Amayi, ndikupitatu kutali," anatero motsitsa mawu. "Chimodzi chokha."

"Ukandikumbukire ndi mutu. Si umene unapita nawo kusukulu?"

"Amayi."

"Ayi. Ndipo ulonjeze kuti zondizemberazi zatha. Ndatopa kukhala ngati mbava pakhonde langa lomwe."

Mzime analonjeza. Zinamupweteka kwambiri, koma mayi ake ankawadziwa: akati ayi, ngakhale ubwere ndi abusa, ndi ayi yemweyo.

"Filimu isapite pachabe, ine ndilipo," anatero bambo ake, akukonza kale kolala.

Mpukutu uja anaudya okha. Anajambulitsa atagwira lumo, atagwira sizasi, atatsamira chitseko. Anajambulitsa ndi kasitomala wometedwa mbali imodzi, amene ankangodandaula kuti akuchedwa ku ukwati. Pena ankayang'ana kumwamba ngati akuganizira za dziko.

"Amati ukaipa dziwa nyimbo," anatero, "koma ine Mulungu anandipatsa zonse ziwiri."

"Nyimbo yake iti?" anafunsa mayi, makina akulira.

Chitatsala chithunzi chimodzi, bambo anati chimenecho chikhale choyenda, ngati anthu a m'magazini. Anavala jekete ndi chipewa chawo cha pa zikondwerero, n'kupita chakumtunda kwa msewu kuti abwere akuyenda m'mbali mwa mashopu. Mzime anawoloka msewu, anaima moyang'ana makonde, n'kutcheratu mtunda monga anaphunzirira. Dzuwa linali lowala bwino. Khonde la mayi ake linali chakumanzere kwake, ndipo iye anasamala kuti lisalowe m'kagalasi, poti lonjezo ndi lonjezo.

Bambo anabwera akunyang'wa, dzanja limodzi m'thumba, chibwano m'mwamba. Analowa m'kagalasi. Chala cha Mzime chinali pa kabatani. Nthawi yomweyo pa kanjira ka pakati pa mashopu panatulukira wokankha ngolo atasenzetsa matiresi, akukuwa kuti anthu apatuke. Bambo anadumphira kumanja ngati mnyamata, chipewa n'kuuluka, ulemu wonse uja n'kuthera m'malere.

M'kagalasi iwo anadumphira kumanzere. Manja a Mzime anaiwala sukulu yonse ya malume n'kuwatsatira komweko. Bambo anasowa m'kagalasi, ndipo chala chinali chitadina kale. Tche.

"Watenga?" anafunsa bambo akukutumula fumbi pa chipewa. Msewu wonse unali kuseka.

"Ndatenga khoma," anatero Mzime.

Anapukusa chogwirira mpaka filimu yonse inakulungika, anatulutsa kampukutu, ananyambita kapepala komatira n'kukamata. Kenako anabwerera kwake.

Mpukutuwo anakautsukitsa ulendo utayandikira, makamaka chifukwa bambo ankafunsa za zithunzi zawo m'mawa uliwonse. Kuseri kwa shopu ya malume kunali kachipinda kamdima, kotsekedwa mazenera ndi makatoni. Filimu itauma, malume anaitambasula pa nyali n'kuyamba kuseka alamu awo mmodzimmodzi.

"Apa akuganizira za dziko. Apa akuganizirabe. Kasitomalayu anafika ku ukwati koma?"

Atafika pa chomaliza anasiya kuseka. Anachiyandikitsa kumaso. Kenako anachilowetsa m'makina okulitsira, anazimitsa nyali yoyera n'kuyatsa yofiira. Anawalitsa papepala, n'kuliviika m'beseni la mankhwala, akuligwedeza pang'onopang'ono.

Poyamba panatuluka mzati wa khonde. Kenako gudumu la makina osokera, ndi dzanja lili pamenepo. Kenako tepi yoyezera, manambala ake akuwerengeka. Kenako nkhope. Anali mayi ake, mutu atauponya pang'ono kumbuyo, akuseka ndi mano onse, kampata ka pakati pa mano akutsogolo kali poyera, maso atatsinzinira mbali imene amuna awo ankathamangitsa chipewa. Makwinya onse a m'mbali mwa maso anali pomwepo. M'mphepete mwenimweni mwa chithunzicho munali chigongono cha jekete.

Mzime anakuwa. Anadumphadumpha m'kachipindamo mpaka anatsala pang'ono kugubuduza beseni. Malume okha anali duu, akuyang'ana m'madzimo. Anatulutsa kampango n'kumina.

"Malume, mwatani?"

"Mankhwalawa akuluma m'maso masiku ano," anatero.

Chithunzi chili pa chingwe kuti chiume, chimwemwe cha Mzime chinayamba kuzizira. Anakumbukira lonjezo. Sanachite dala, inde, koma ndani akanakhulupirira kuti munthu anaphonya bambo ake onse athunthu n'kukagwera pa mayi ake mwangozi? Njira yapafupi inalipo: kuchilowetsa pansi pa zovala m'sutikesi, n'kukachitulutsa atafika.

"Musawauze, malume."

"Ine sindinena," anatero malume. "Koma nkhopeyo ndi yawo."

Mawu amenewo anamutsatira njira yonse. Anafika kwa makolo ake chakumasana, envulopu ili m'khwapa. Mayi anali atalowetsa makina pabalaza, akupinda m'munsi mwa chikhoti chochindikala chimene ankamusokera, poti anamva kuti kumene akupitako kumazizira. Bambo analandira zithunzi zawo n'kuziyala pa tebulo lonse, akudziyamikira chimodzichimodzi.

Mzime anaima pafupi ndi makina. Ankadziwa kuti mayi ake akhoza kuching'amba pomwepo n'kuitanitsanso filimu yake, ndipo iye sakanawaletsa.

"Amayi, ndalakwa, koma sindinachite dala. Ndinkatsatira ababa, kamera n'kundisocheretsa. Ndikanatha kubisa, koma ndati muone. Mukakana, ndichisiya."

Makina anaima. Mayi anamuyang'ana kaye iye, nthawi yaitali, kenako anapukuta manja pa chovala chawo, anavala magalasi n'kulandira pepalalo. Bambo anabwera kudzasuzumira paphewa.

"Chigongono changa chatuluka bwino," anatero.

Palibe anaseka. Mayi anachiyandikitsa ku zenera. Anachitalikitsa, anachiyandikitsanso. Chala chawo chinayenda pa tsaya la munthu wa pachithunziyo, n'kuima pa kampata ka mano kaja.

"Awa ndi amayi anga," anatero.

Mzime sanamvetse msanga. Agogo ake akuchikazi sanawaonepo. Anamwalira iye asanabadwe, ndipo sanasiye chithunzi ngakhale chimodzi.

"Ndi amayi anga enieni," anabwereza mayiwo. "Ankaseka chonchi. Zaka zonsezi ndimati ndikatsinzina ndiwaone, nkhope yawo imandithawa. Ndimangokumbukira manja. Kani ali pompano!" Anavula magalasi n'kupukuta m'maso ndi kansalu kotsala pa chikhoti. "Malume ako aona?"

"Aona. Akuti mankhwala akuwaluma m'maso."

"Bodza lake lomwe lija la ali mwana." Anaseka uku misozi ikutsika. "Nanga bwanji pa galasi sindinawaonepo?"

"Pa galasi simuseka, mayi a ana," anatero bambo. "Mumangokwinya nkhope ngati mukuliyeza diresi. Ine apongozi anga ndimawaona tsiku lililonse, makamaka ndikapunthwa."

"Inu khalani chete, munatsala pang'ono kuphedwa ndi matiresi."

Mzime anadikira pang'ono, kenako anatambasula dzanja mwaulemu kuti alandire chithunzi chake. Mayi anachikokera pachifuwa.

"Ichi sichipita kulikonse," anatero. "Ukawauze malume ako akutsukire chako. Atsukenso chawo, asiye kunamizira mankhwala."

Mzime anangokhala pansi pomwepo, pambali pa makina, n'kutsamiritsa mutu pa bondo la mayi ake monga ankachitira ali wamng'ono. Mayi anaimika chithunzicho pa zenera, anachitchinjiriza ndi mpukutu wa ulusi kuti chisagwe, n'kupondanso makina. Ankasoka pang'ono, n'kudzutsa maso, kusoka pang'ono, n'kudzutsanso maso.

Atamaliza anatambasula chikhoticho m'mwamba. Mzere wa ulusi wa m'munsi unali utakhota kuchokera pa thumba mpaka kumsana, chinthu chimene telala ameneyu sakanalola kuti chituluke pakhonde lake ngakhale kasitomala atagwada. Anauyang'ana, anayang'ana pa zenera, n'kudula ulusi ndi mano.

"Ukavale choncho," anatero. "Agogo ako pa zenerapo ndi amene amandichezetsa."